Sinibema, Ankolo, ni Flavour Cabe

Loweluka lapitali ndinalowa m'cipinda ca mwana wa mlongo wanga kukafuna chaja ya foni. Mnyamatayu tikhala naye kuno ku Chilenje cifukwa aphunzila pa koleji ina m'tauni. Chaja sindinaipeze. Cimene ndinapeza kunsi kwa pilo ndi kanthu kacikasu, kotalika ngati cala, kooneka monga maka yolembela pa bolodi. Ndinakanunkhiza. Kanali kununkhila mango.

Atabwela madzulo ndinakaika pa tebulo. "Ici n'ciani, iwe?"

"Ah, ankolo, ni vape."

"Wayamba kubema fwaka manje?"

Anaseka kuseka kuja kwa mwana amene waona kuti mkulu watsalila m'mbuyo. "Awe ankolo, ine sinibema. Ni flavour cabe."

Mnyamatayo sanali kunama, ndipo n'cimene candisowetsa tulo mlungu wonse uno. Akananama ndikanadziwa pomugwila, pakuti bodza la mwana tonse tilidziwa mankhwala ake. Koma iye akhulupililadi zimene anakamba. M'mutu mwake kubema ndi kwa ngwangwazi wa pa Kulima Tower wa milomo yakuda, kapena agogo a nsunko m'kabotolo. Cimene acita iye cili ndi dzina la Cizungu, ndipo muno mu Lusaka cinthu cikakhala ndi dzina la Cizungu cimaleka kununkha.

Ndisanapitilile ndiulule: ine ndinakoka fodya zaka 14. Ndinayambila kuseli kwa cimbudzi ca pa sekondale ndipo ndinaleka zaka 9 zapitazo. Conco dikishonale ya nkhani iyi sindinaiwelenge m'buku. Ndinaigula ndi ndalama zanga, ndudu imodzi-imodzi.

Tiyeni tiyambile pa kantemba. Ndani pakati panu anamvapo munthu afika pa windo n'kunena kuti, "Amai, ndigulitseni fodya"? Kulibe. Amati, "Nipaseniko two sticks." Liu lakuti ndudu lilipo, koma mu tauni lamveka monga la m'buku la Giledi 4. Akulu-akulu akumbukila liu lina, mishanga. M'masiku a UNIP, pamene sopo ndi saladi zinali za pamzele, anyamata ogulitsa ndudu imodzi-imodzi m'misewu anali kuchedwa mishanga boys, ndipo dzinalo linafalikila mpaka kwa aliyense wogulitsa tunthu pamsewu. Lelo mishanga yathawa, yasiyila malo stick. Stick ndi kamtengo. Kamtengo kangakucite ciani?

Ndiye ife a Cinyanja tili ndi luso lathu lowonjezela. Tili ndi kacilembo kaja ka "ka", kocepetsa ciliconse cimene kakhudza. Ka stick. Ka puff. Ka half. Ka smoke break. Cizungu cabwela kale ndi mau ang'ono, ife tawacepetsanso kaciwili. "Nisiyileko ka half, boi," atelo mnyamata pa siteshoni, ndipo ndudu imodzi ipita m'milomo itatu. Onse atatu ukawafunsa adzakuuza kuti sabema kweni-kweni, acita cabe tuma puff. Puff pa Cizungu ndi kampweya kopepuka, konga kamene uuzila pa tiyi wotentha. Azungu ali nalo liu lina, drag, limene litanthauza kuguza, ndipo lifanana ndendende ndi lathu lakuti kukoka. Ilo sitinalitenge kwambili. Lili ndi zoona zoculuka.

Mau athu ocitila nchito iyi sabisa kanthu. Kukoka fodya: uona munthu alimbana ndi utsi kuti ulowe. Anzathu a ku Malawi amati kusuta. Mu tauni timati kubema. Ambuya athu Abemba amati ukupeepa, liu limene ukangolifupikitsa pang'ono likhala ukupepa, kupemphela, ndipo ine ndakhala ndikuganiza kuti n'cifukwa cake ena a iwo aticedwela ku chalichi. Andikhululukile, cimbuya sicilipilitsa. Mfundo yanga ndi yakuti ukamva lililonse la mau awa, fungo limabwela lokha m'mphuno. Ukamva kuti "I'm just stepping out," suona ngakhale phulusa.

Koma liu limene ndili nalo mlandu waukulu ndi light.

Light ali ndi nkhope zitatu. Ndi kuwala, kuja a ZESCO atibweleka nthawi zina. Ndi moto woyatsila: "Muli na light, bakamba?" Ndiponso ndi cinthu cosalema. Nkhope yacitatu iyi ndi imene inanamiza amalume anga.

Amalume anali mlimi wa fodya wa burley ku Lundazi asanabwele ku Lusaka kudzagwila nchito ya ulonda. Anakhala ku Matero zaka zoposa 30, ndipo nthawi yonseyo anali kukoka balani, fodya uja wogula pa msika n'kudzipombela wekha m'kapepala. Pepala lao lokonda linali nyuzipepala, ndipo sindikayika kuti nkhani zina za m'danga lino zinathela m'mapapo mwao. Cifuwa citayamba kuwavuta usiku, anzao a pa nchito anawalangiza kuti aleke balani, ayambe wa m'sitolo wokhala ndi fyuluta, maka-maka uja wosawawa pakhosi. Ndikumbukila tsiku limene anandionetsa ndudu yoyela bwino, aigwila monga mankhwala a ku cipatala. "Aya ni a light, mphwanga," anatelo. "Salema pa cifuwa." Ine panthawiyo ndinali kukoka omwewo, ndipo ndinavomeleza ndi mutu.

Cimene tonse awili sitinali kudziwa ndi mmene liulo linabadwila. Pa fyuluta ya ndudu zochedwa light pali tumabowo tating'ono kwambili, tozungulila. Ndudu ikaikidwa pa makina opimila, mphepo ilowa pa tumabowo n'kusungunula utsi, ndiye makina awelenga phula locepa. Koma munthu si makina. Zala ndi milomo zitseka tumabowo, ndipo thupi limene lazolowela nikotini lifuna mlingo wake wonse, conco munthu akoka mwamphamvu, ameza utsi mpaka pansi, kapena ayatsa ina msanga. Pothela pake walowetsa zofanana. Izi si nkhani za m'bawa. Mu 2006 woweluza wina ku America, Gladys Kessler, anagamula kuti makampani akulu a fodya ananamiza anthu kwa zaka zambili pa nkhani ya ndudu za light ndi low tar. Maiko a ku Ulaya anali ataletsa kale mau otele pa mapaketi mu 2003, ndipo America inatsatila mu 2010. Makampani sanalile nthawi yaitali. Anacotsa liu, anasiya mtundu. Ndiye cifukwa cake lelo mumva munthu pa kantemba ati "nipaseni ya blue," ali ndi cikhulupililo conse cakuti ya blue ndi yofatsa kuposa ya red. Liu linafufutidwa pa pepala, koma m'mitu mwathu likali kugwila nchito popanda malipilo.

Ya green nayo ili ndi nthano yake. Menthol azizilitsa pakhosi, ndipo ndamvapo anthu akulu-akulu, a tayi, akunena kuti imathandiza cimfine. Cimene menthol acita ndi kugonetsa mlonda. Kuwawa kwa pakhosi ndi kukhosomola ndiko thupi likuuza kuti ici usameze. Menthol aziziletsa kuwawako kuti utsi upite bwino, ndipo n'cifukwa cake ndiye khomo limene ana ambili alowela. Ku Ulaya ndi ku Britain ndudu za menthol analetsa mu May 2020. Kuno ndizo ziyamba kutha pa kantemba.

Tsiku limene ndinapelekeza amalume ku kiliniki silicoka m'mutu mwanga. Wotipima anali mnyamata waulemu, wotopa, ali ndi mzele wautali panja ndi fomu ya Cizungu patsogolo. Anafunsa, "Atate, mubema?"

"Pang'ono cabe, mwananga."

"Mapaketi angati pa tsiku?"

Amalume anaongoka pa mpando monga munthu wonamizilidwa. "Ine paketi sindinagulepo cibadwile."

Ndipo cinali coona. Zaka zonse zija sanagulepo paketi. Mnyamata uja anali pafupi kulemba kanthu kakang'ono pa fomu pamene ine ndinaloweleza. Tinayamba kuwelenga pamodzi: ziwili m'mawa ndi tiyi, imodzi podikila basi, ina potsika, zitatu kapena zinai usiku pa geti kuti tulo tisabwele, imodzi pambuyo pa nsima iliyonse. Tinafika pafupi-fupi pa 10. Ndiye ndinafunsa za balani wa zaka zonse zam'mbuyo. Amalume anandiyang'ana modabwa. "Uja naye awelengedwa? Uja ni wa kumunda."

Madokotala ali ndi muyeso wao wochedwa pack-year: paketi imodzi ya ndudu 20 tsiku lililonse kwa caka cathunthu. Ndi muyeso wabwino ku maiko kumene anthu agula mapaketi. Kuno, kumene fodya agulidwa monga maswiti ndi cenji yotsala pa basi, funso la paketi lipatsa munthu njila yothawila popanda kunama. Sindiimba mlandu mnyamata wa pa kiliniki uja. Fomu inaganiza m'Cizungu, wodwala anayankha m'Cinyanja, ndipo pakati pao panatsala dzenje lokwana munthu wathunthu. Amalume tinawaika caka cotsatila. Mapapo anali atatha. Ine ndinaleka fodya pambuyo pa malilo, osati tsiku lomwelo monga m'mafilimu, koma nditalephela katatu.

Manje tiyeni tione cimene boma lathu lakamba kwa munthu monga amalume. Tengani paketi. Pali mzele umodzi: "Tobacco is harmful to health." Mau awa anacokela m'malamulo a zaumoyo a mu 1992, Statutory Instrument 163, ndipo akhala pamenepo osasintha, monga cikwangwani ca sitolo imene inatsekedwa kale. Laciwili ndinatenga paketi yopanda kanthu n'kuionetsa amai amene agulitsa pa kantemba ka pafupi ndi kwathu. Ndi mai wocenjela, masamu a cenji amacita msanga kuposa foni yanga.

"Amai, apa palembedwa ciani?"

Anayang'ana. "Ati fwaka ni yoipa."

"Yoipa bwanji?"

"Monga shuga, kapena saladi ukacilitsa. Vonse ni voipa masiku ano, abambo."

Anamasulila bwino lomwe. Harmful ndi liu laulemu, lovala jekete. Likwana pa shuga, pa mcele, pa kukhala nthawi yaitali pa mpando. Silikuuza kuti bungwe la WHO likuti fodya amapha anthu oposa 7 miliyoni caka ciliconse pa dziko lonse, kapena kuti mwa anthu awili amene apitiliza kukoka osaleka, mmodzi angathe kufa nao. Silikuuza kuti mu utsi uja muli makemikolo oposa 7,000, ndipo pafupi-fupi 70 mwa iwo adziwika kuti ayambitsa khansa. Silichula TB, matenda amene komboni iliyonse iwadziwa, pamene kukoka fodya kuwonjezela mpata wodwala ndi kufa nayo. Ndipo coseketsa, ngati n'coseketsa, n'cakuti wogula stick paketiyo saigwila n'komwe. Paketi ikhala m'manja mwa amai, kuseli kwa waya. Munthu yekha amene cenjezo limufika tsiku ndi tsiku ndi uja sabema.

Dziko lino lili ndi zinenelo 7 zimene ziulutsa nkhani pa wailesi ya ZNBC: Cinyanja, Cibemba, Citonga, Cilozi, Cikaonde, Cilunda ndi Ciluvale. Kolela ikabuka mu Kanyama, uthenga wosamba m'manja umveka m'zinenelo zonsezi tsiku lomwelo. Nthawi ya masankho palibe wandale amene apempha voti m'Cizungu ca ku yunivesiti. Makampani a mafoni atinyengelela m'Cinyanja ca mu msewu, cija ceni-ceni. Aliyense wofuna kanthu kwa ife adziwa cinenelo cathu. Koma pa cenjezo la fodya tonse tasanduka Azungu.

Zambia inalowa m'pangano la WHO loletsa kufala kwa fodya mu 2008. Gawo 11 la panganolo likamba momveka: cenjezo likhale lalikulu, losacepela pa magawo 30 mwa 100 a nkhope ya paketi, likhale m'cinenelo cacikulu ca anthu a m'dzikolo, ndipo mau onyenga monga light ndi mild acoke. Gawo 16 lilimbikitsa maiko kuletsa kugulitsa ndudu imodzi-imodzi cifukwa ndi zimene ana akwanitsa kugula. Ku Kenya cenjezo lili m'Cizungu ndi m'Ciswahili, ndipo pali zithunzi. Canada inayamba kuika zithunzi mu 2001. Australia mu 2012 inavula mapaketi zokongoletsa zonse, onse akhala a mtundu umodzi wonyansa. Ife bilu yoyang'anila fodya tinakhala tikuimva m'nkhani kwa zaka zambili, monga mkwati amene amveka kuti ali m'njila koma nsima ya ukwati yazizila.

Ndikanakhala ine wolemba, sindikanavutika ndi komiti. "Fodya amapha." Mau awili. "Fodya aola mapapo." "Utsi wanu udwalitsa mwana wanu." Welengani mokweza mumve mmene alasila. Cinenelo ca amai ako cili ndi njila yofika pamene Cizungu ca kusukulu sicifika. N'cifukwa cake munthu angakutukwane m'Cizungu iwe n'kuseka, koma akabweleza m'Cinsenga mpando uuluka.

Musandimve molakwa, Cizungu sindidana naco. Cimandidyetsa. Ndipo Azungu eni ake ali ndi mau oopsa a fodya. Ndudu amaicha coffin nail, msomali wa bokosi la malilo, dzina lakale kuposa kafukufuku wa madokotala Doll ndi Hill wa mu 1950 amene anaonetsa kugwilizana kwa fodya ndi khansa ya m'mapapo. Amaichanso cancer stick. Ali ndi smoker's cough, cifuwa cija ca m'mawa cimene aliyense wokhala ndi wokoka fodya acidziwa ali m'tulo. Mau awa anatsala pa Chirundu, kasitomu sinawalole. Amene anaoloka ndi okoma okha-okha: smooth, mild, cool, fresh, flavour. Ngakhale chain smoker, liu lofanizila munthu woyatsa ndudu ndi inzake monga mphete za unyolo, ndamva anyamata alichula ngati udindo: "Uja ni chain smoker, usamuyese." Palinso social smoker, amene pa Cinyanja comveka ndi munthu wobema fodya wa anzake.

Pang'ono za apaulendo. Ku Britain ndudu amaicha fag, ndipo palibe amene atembenuka. Liu lomwelo ku America ndi citonzo coipa kwambili conyoza munthu. Ngati mupita kumeneko, lisiyeni pa eyapoti.

Maina a pa mapaketi nao agwila nchito yao mwakacetecete. Pall Mall ndi msewu wa anthu olemela mu London. Dunhill linali dzina la mwini sitolo ya fodya mu mzinda womwewo. Peter Stuyvesant anali bwanamkubwa wa Cidachi wa tauni ya New Amsterdam, amene anaipeleka kwa Angelezi mu 1664 n'kukhala New York. Mnyamata wa ku Chawama sadziwa zimenezi ndipo safunika kudziwa. Amva cabe kulemela kwa dzinalo pa lilime. "Nipaseni Peter umozi," atelo, monga aitana mnzake wa ku sukulu. Balani alibe dzina la bwanamkubwa, ndiye aoneka wa amphawi. Koma mapapo sawelenga maina.

Pali cinthu cina cimene Cizungu cili ndi dzina lake koma ife tilibe: second-hand smoke, kapena passive smoking. Akazi ao a amalume anakhala m'nyumba ya zipinda ziwili ija zaka zonsezo, windo imodzi yotseka ndi katoni nthawi ya June. Sanagwilepo ndudu. Lelo akwela kaphili ka ku msika mopumila kawili. Ukamasulila second-hand mu Lusaka anthu aganiza za salaula, ndipo salaula tiikonda. Koma cinenelo cathu cili ndi mphamvu imene Cizungu cilibe, yopinda liu limodzi kuti linyamule mlandu wonse. Kubema, kubemetsa, kubemetsedwa. Mwana wa pamsana amene atate ake ayatsa m'nyumba akubemetsedwa. Weita wa m'bawa abemetsedwa usiku wonse, malipilo osakwela. M'liu limenelo muli wocita ndi wocitilidwa. Passive amveka monga munthu amene wangokhala phee mwa kufuna kwake. Lamulo loletsa kukoka fodya pa malo a anthu onse tili nalo kucokela mu 2008, Statutory Instrument 39, koma cikwangwani cake ndi "No Smoking," ndipo mwana wa mlongo wanga aciwelenga kuti sicikamba za iye.

Za shisha ndiye zindiseketsa ndi kundikwiyitsa pamodzi. Pitani Lacisanu usiku ku malo omwela a ku Kabulonga kapena Longacres. Mudzaona atsikana ophunzila, amene sangagwile ndudu pagulu ngakhale muwalipile, apatsana paipi, utsi uli tolotolo, foni ili m'mwamba kujambula. Afunseni. "Ni shisha cabe, ni double apple. Madzi amasefa." Shisha ndi fodya wosakaniza ndi manyuci a nzimbe ndi zonunkhilitsa, wotenthedwa ndi makala. Madzi aja azizilitsa utsi, sacotsa poizoni. Makalawo awonjezela mpweya woipa uja wa carbon monoxide, umene umapha anthu ogona ndi mbaula m'nyumba. Ndudu itha m'mphindi zisanu, pamene shisha anthu akhala nayo ola lathunthu. Ndipo makina amenewa si acilendo m'dziko lino. Agogo aakazi a Citonga a ku cigwa ca Gwembe akhala akukoka fodya wa m'cipanda ca madzi kuyambila kale-kale. Mtsikana wa ku Kabulonga akaona cithunzi ca agogo aja adzati ni vakumunzi. Iye wagwila cipanda comweco, ca galasi cabe, ndi bilu ya mapepala atatu. Liu lakuti shisha si la Cizungu n'komwe, linadzela kwa Aluya, koma kuno linafika litavala suti. Mtsikana yemweyo aseka azakhali ake a nsunko.

Ndidziwa zimene ena mwa inu mukamba pamene muwelenga. Amai a pa kantemba adyetsa ana ndi tuma stick tomweto. Alimi a ku Chipata, Lundazi, Kaoma ndi Kalomo ayembekezela fodya kuti alipile sukulu. Ndidziwa bwino, pakuti yunifomu yanga yoyamba ya ku sekondale inagulidwa ndi ndalama ya burley wa amalume omwewo. Sindingaime pano kutukwana munda umene unandiphunzitsa kulemba. Koma fodya wambili wolimidwa muno amapita kunja ali masamba. Kulemba "Fodya amapha" pa paketi ya mu Lusaka sikugwetsa mtengo wa belo ku Chipata. Amene aopa mau awiliwo si mlimi.

Pa zoletsa stick ndiye mtima wanga uli pawili. Ndidziwa kuti ndiyo njila imene mwana wa sukulu ayambila, cifukwa ndalama ya stick aipeza koma ya paketi sangaipeze, ndipo lamulo loletsa kugulitsa fodya kwa ana osafika zaka 16 palibe amene alikumbukila pa windo la kantemba. Koma ndidziwanso mmene malamulo otele amathela mu tauni ino: a kanso adzathamangitsa amai aja, kuwalanda katundu, pamene opanga fodya ali mu ofesi yozizila. Ngati tiyamba, tiyambile kumene kuli ndalama. Wopanga paketi asindikize cithunzi ndi mau m'zinenelo zathu, pa mtengo wake. Apelekenso cikwangwani coika pa windo lililonse logulitsila, kuti wogula stick naye aone. Ndipo a zaumoyo asinthe funso lao. Asafunse za mapaketi. Afunse kuti, "Muyatsa kangati pa tsiku, kuphatikizapo balani, shisha, nsunko ndi tuja twa mango?"

Tibwelele kwa mnyamata wanga. Kuti ndisamunamize, ndinamuuza zoona zonse. Vape ilibe moto ndi phula monga ndudu, ndipo a zaumoyo ku Britain amati kwa munthu wamkulu amene akoka kale fodya, kusinthila ku vape n'kocepako kuopsa. Koma iwo omwewo amati ngati sukoka, usayambe, ndipo kuyambila pa 1 June 2025 analetsa kugulitsa tuja totaya tukatha, cifukwa cimodzi cinali cakuti ana anatuthamangila. Khomo limene anamangila anthu otuluka, iye alowelapo.

Ndinatenga kanthu kaja n'kuvala magalasi. M'mbali mwake munali tumalemba tating'ono monga nyelele. Ndinamupatsa kuti awelenge mokweza. Anawelenga bwino, Cizungu cake n'cabwino kuposa canga: muli nikotini, ndipo nikotini ndi addictive.

"Manje niuze m'Cinyanja. Addictive n'ciani?"

Anakanda m'mutu. "Ni... monga cinthu camene ukonda maningi."

"Nsima uikonda maningi. Ni addictive?"

Anakhala cete. Ndinamuuza kuti liu lilipo, ndipo agogo ake anali kulidziwa asanaone mzungu wa fomu. Cibaba. Mu tauni ena amati cilaka. Ndi cija cimene cinandidzutsa ine 02:00 koloko kukafufuza m'bini kufuna kotsala ka ndudu. Ndi cimene cinayendetsa amalume mu mvula kucoka pa geti kukagogoda pa kantemba kotseka. Nikotini ifika ku ubongo m'masekondi ocepa cabe, ndipo ubongo ukaizolowela uyamba kuilipilitsa monga landilodi. Cibaba si kukonda. Ungathe kudana naco cinthuco uku manja akucifuna.

"Ine nilibe ivo, ankolo. Ningaleke any time."

Mau amenewo ndinawadziwa. Ndinawakamba ine mwini kwa zaka 14, m'Cizungu comweco. Tinapangana kuti kanthuko ndikasunge mlungu umodzi. Ngati afika Loweluka osakafunsa, ndidzamubwezela ndi kupepesa pamaso pa azakhali ake.

Sondo anali bwino. Mande anakalipila mng'ono wake cifukwa ca limoti. Laciwili sanamalize nsima, anati mutu. Lacitatu usiku, nditakhala pa tebulo kulemba nkhani ino, ndinamva madilowa a m'kabati ya pa sitingi atseguka limodzi-limodzi, mwakacetecete. Kenaka anaonekela pa khomo, manja m'thumba.

"Ankolo, kaja kanthu munakaika kuti?"

"Kanthu kati?"

"Kaja ka... ka flavour."

"Mango ali mu fuliji, tenga awili."

Anaima pamenepo nthawi yaitali, ayang'ana pansi. Ndiye anakoka mpando n'kukhala.

"Imwe munacita bwanji kuti cileke?"